Palibekanthu ndi Mpiru Wanga

Anzanga, zimene ndalota usiku wathawu mundiseka nazo, koma mverani. Mukumudziwa Palibekanthu, mphaka wa a Nachisale oyandikana nafe mpanda, uja amakumba m'mabedi mwanga n'kusiyamo zonyansa zake. Tomato anafukula yense. Latsala ndi bedi limodzi la mpiru, ndipo ndiwo za ana anga mpaka mvula igwe ndi zomwezo.

Ndiye m'malotomo ndinali kuseri kwa nyumba, dzuwa lili phwee, ndikutchinga bedilo ndi neti yakale ya udzudzu. Mwadzidzidzi neti ija inatsokomola.

"Mayi," inatero, "ine ntchito yanga ndi udzudzu. Za amphaka sitinapangane."

"Lero ugwira zonse," ndinatero, n'kuimanga mfundo pakamwa.

Ndiye ndinawaza tsabola wa kambuzi kuzungulira bedi, koma tsabolayo anayamba kuyetsemula yekha n'kuthawira kumsewu atagwirana manja. Pocheuka, mphaka uja ali tambalale pakati pa mpiru, atavala jekete la malemu amuna awo a Nachisale.

"Mwaswera bwanji, aneba?" anandilonjera. "Dothi lanu ndi lofewa bwino. Kwathu anawaka simenti bwalo lonse."

Ndinamuponyera patapata, patapatayo anatera pambali pake n'kumufunsa za kunyumba. Mtima unandiwawa. Ndinathyola tsamba limodzi lopondedwa, ndinanyamula khasu paphewa, ulendo wa ku khonsolo.

Ndiye ndangoti phazi limodzi, ndili kale mu ofesi. Bwana wa taye yofiira anamvetsera bwinobwino akugwedeza mutu, koma akagwedeza ndevu zimatalika, akagwedezanso nyanga zikuphuka. Mwadzidzidzi pampando panali tonde.

"Umboni uli kuti, mayi?"

Ndinamupatsa tsamba lija. Analitafuna mpaka phesi.

"Umboni ndi wokoma koma wachepa. Mubwere ndi bedi lonse. Meee, wotsatira!"

Sindinatuluke. Ndinakankha chitseko china n'kupeza mayi wa magalasi akumwa tiyi. Nditangotchula kuti mphaka, mayiyo anafota, anafota, mpaka kusanduka khoswe.

"Ameneyo musamutchule muno, ndili ndi ana!" anatero, n'kulowa m'kapu.

Khasu linandinong'oneza kukhutu: "Tiyeni kwathu, awa satithandiza."

Ndiye ndinaganiza zosamutsa munda. Ndinalipinda bedi lonse ngati mphasa, kulisenza pamutu, n'kuyamba kuthamanga. Ndinadutsa pamsika, ndinadutsa m'kalasi momwe ana amalemba mayeso, ndinawoloka mtsinje wa thobwa, koma katundu akungolemerabe. Pamwamba ndinamva mawu: "Aneba, pamabampu muzichepetsa liwiro."

Mwadzidzidzi ndinali pakhonde la a Nachisale. Anali atakhala okha pampando, mbale ziwiri patebulo, misozi ili mbwembwembwe.

"Amake Tiyanjane, musamupweteke," anatero. "Chimwalirireni abambo, amene amandiyankha m'nyumba muno ndi yekhayu."

Ndinatula bedi langa pansi. Mkwiyo unaphwa, koma maganizo sanasinthe.

"Mayi, sindimupweteka. Koma mpiru wanga saupondanso. Akufuna pofewa? Pofewa apapeza konkuno."

Ndinamutsitsa mphaka uja pogwira kolala ya jekete, ndinalavulira m'manja, n'kuyamba kuswa simenti ya pabwalo lawo. Khasu likulira kuti mano ake atha, ine osamva. Simenti ikupempha kuti tikambirane, ine osamva. A Nachisale anapukuta misozi, anatenga musi, nawonso gu! gu! pambali panga. Dzenje litatseguka, Palibekanthu analiyendera mozungulira manja ali kumbuyo, analinunkhiza, n'kunena kuti, "Mukathiramo mchenga, kwanu sindibweranso."

Ndiye kumwamba kunayamba kugunda, khuuu, nthaka kunjenjemera, ine n'kudzidzimuka thukuta lili kamukamu.

Kunja kunali kutayera. Linali lole likukhuthula mchenga paploti ya kutsogolo kwathu, pamene akumanga nyumba paja. Ndinamanga chitenje, ndinatenga chidebe, ndinatuluka ndisanasukusule n'komwe.