Mmene Ndinachulukitsira Ogulitsa Mumsika

1. ZA KALEMBERA WA MUMSIKA WA KWATHU
Yotamu Wedisoni Nyirongo, wa ku Area 25

Ndikulemba modzichepetsa pofuna kudziwitsa owerenga kuti ntchito yoyamba imene boma linandipatsa inatsala pang'ono kuchotsetsa ntchito alamu anga.

Chaka chatha ofesi yoona za misika inalandira kompyuta, ndipo inafuna chiwerengero cha ogulitsa kuti idziwe msonkho woyenera kutoleredwa. Ine anandisankha kuti ndikalembe a mumsika wathu. Anandipatsa mafomu, pensulo ndi kabolodi kolemberapo. Chimwemwe changa chinali chosaneneka (kabolodiko ndinapita nako ngakhale kumaliro).

Lamulungu ndinapempha mpata pa nthawi ya zolengeza m'tchalitchi, ndipo ndinati: "Lachitatu boma lidzalemba mayina a onse ochita bizinesi mumsika, kudzera mwa ine." Za msonkho sindinatchule, poona kuti n'zosayenera m'nyumba ya Mulungu. Ndinaiwala kuti masiku amenewo mphekesera zoti boma lipereka ngongole kwa ochita bizinesi zinali pakamwa pa aliyense.

Lachitatu msika unasefukira mpaka kumsewu. Mayi wina anabwera ndi tomato atatu pambale. Mkulu wina wa mpingo, amene sanagulitsepo kanthu chibadwire, anakhala pansi ndi mazira awiri.

"Abambo, bizinesi munayamba liti?" ndinawafunsa.

"Lero m'mawa. Lembani, a Nyirongo, dzuwa likuswa mtengo. Mulembenso amayi akunyumba, dzira linalo ndi lawo."

Ndinalemba onse. Mafomu atatha ndinathamanga kukagula kope. Ku ofesi anandigwira chanza, nati sankadziwa kuti msika wathu ndi waukulu chotero.

Tsono wodula matikiti a msonkho mumsikamo anali a Gondwe, amuna a mlongo wanga. Kompyuta itachulukitsa ogulitsa anga aja ndi mtengo wa tikiti, inaonetsa kuti a Gondwe amapereka kagawo kochepa chabe. Anawaimitsa ntchito powaganizira kuba.

Mlongo wanga anafika kunyumba kwanga, ndipo mpando anaukana.

"Achimwene, anthu anu aja ali kuti? Mukawatenge adzagule matikiti, ana anga adye."

M'mawa mwake ndinakaulula zonse kwa bwana wa ku ofesi ija. Anandimvetsera mpaka kumapeto, ndipo Lolemba tinapita limodzi kumsika osauza munthu. Tinapeza ogulitsa a masiku onse okha, ndi bwalo lalikulu lopanda kanthu. Bwana anatsegula kope langa.

"Awa a mazira awiri ali pati?"

"Ali kuntchito kwawo, bwana. Ndi aphunzitsi."

A Gondwe anabwezeredwa pantchito, ngakhale kuti moni wawo ukadali waufupi. Ine a ku ofesi sanandiitanenso. Ndavomereza kuti anthu ofunika kuwawerenga sawauziratu tsiku. Komabe ndikupempha kuti zidziwike kuti m'kope lonselo munalibe dzina ngakhale limodzi lolembedwa molakwika.

Ine wanu wodzichepetsa,
Y. W. Nyirongo
Tsiku la khumi ndi chiwiri la mwezi wa Ogasiti, chaka cha 1996