Mwendo wa Mvuu wa ku Nsefu

Ku Nsefu kunalibe munthu wosadziwa amai Lena, aja ankadzitcha nyama. Ukawalonjera kuti, "Mwaswera bwanji, amai?" ankayankha nkhope ili gwa: "Mwendo wa mvuu waswera, sunawole."

Dzinali lidachokera kutali. Chaka cha njala, kusaka m'nkhalango kutaletsedwa, nyama inkapezeka kwa agemu okha, alonda a nyama zakutchire aja. Mmodzi wa iwo, Hosea, adafika kwa malume ake a Lena atasenza mwendo wa mvuu. Pobwerera adatenga Lena, mtsikana wa zaka fifitini.

"Ndipo unali wakutsogolo, wopanda mafuta!" ankatero pachitsime, amai anzawo n'kumagwa nako kuseka. Abusa atawadzudzula kuti munthu ndi chifaniziro cha Mulungu, iwo adati, "Kauzeni amalume, abusa. Adanyambita mpaka fupa."

Kunyumba Hosea ankadya chiwindi, ana aamuna minofu, amai Lena ndi mwana wawo wamkazi Florence n'kumaseteka msuzi.

Tsiku lina kudabwera mdala Josiah wa ku Jumbe, mano atatu m'kamwa, atamanga nyama ya njati panjinga. Ankafuna Florence. Amuna ali pamphasa kukambirana, amai Lena adatulukira atagwira mwanayo padzanja, nayamba kumuwaza mchere kumutu.

"Mukutani, amai?" adafunsa Josiah.

"Ndikukukonzerani, atate. Mumufuna wowotcha kapena wowamba? Koma ndi mano amenewo mutafuna bwanji?"

Mudzi wonse udafa nalo phwete. Josiah adakwera njinga osatsazika. Hosea adamenya amai Lena mpaka dzino kuguluka, koma m'mawa mwake amaiwo adafika pachitsime akuti, "Nyama yolimba amayamba aisinja." Adaseka ndi ochepa.

Patapita miyezi iwiri Josiah adabweranso, amai Lena ali kumunda wa thonje. Pobwerako amaiwo adapeza Florence atapita kale ndi mdalayo. Adakhala pakhomo mpaka dzuwa kupendeka, khasu lili pamiyendo. Nthabwala adaifuna, osaipeza.

Amai Lena adamwalira dzinja lotsatira, ndi chifuwa. Pamaliro Hosea adalira mokweza, anthu n'kugwidwa chisoni, mpaka adamvetsetsa mawu ake: "Nanga andiphikira ndani ine?"

Masiku ano nkhani za ukwati ku Nsefu zimatha bwino, mwaulemu, popanda wosokoneza. Atsikana amamvetsera ali kuseri kwa nkhokwe, mudzi uli zii.