Seu Anacleto, Wofunsa Mvula ku Mitengo

Mpaka lero sindimvetsa chimene Seu Anacleto ankaona pamwamba pa mtengo uja. Ndinaphunzira kwa ansembe zaka zisanu ndi zinayi, ndaphunzitsa ana a pamudzi pathu zaka makumi awiri, koma za mkulu ameneyu mutu wanga unakana. Kutama anthu sindinazolowere, choncho ndingonena zimene ndinaona.

M'mawa uliwonse ankakwera samaúma, mtengo waukulu wa kuseri kwa tchalitchi, pa msinkhu woti anzawo ankavutika ngakhale kukwera m'machila ogonamo. Ankakhala panthambi n'kumayang'ana nkhungu ikufuka m'nkhalango. Potsika ankapeza amayi akudikira ndi mabeseni a zochapa.

"Lero bwanji, Seu Anacleto? Ndiyanike?"

"Yanikani, Dona Zuleide. Koma belu la masana likalira, munene Tikuoneni Maria katatu, muanule."

Mvula inkabweradi. Tsiku lina Dona Zuleide, amene ankaphika pamisheni, anadandaula kuti anaanula zovala zisanaume, mvula n'kuchedwa.

"Mvula sinachedwe, mayi. Inuyo mumapemphera ngati mukuthamangitsidwa ndi galu."

Wansembe wina wachilendo anakonza zoti chifanizo cha Woyera wathu chiyende pamtsinje nthawi ya 3 koloko.

"Bambo, sunthani nthawi. Woyera anyowa," anatero Seu Anacleto.

"Mvula ili m'manja mwa Mulungu, mwana wanga."

"Zoona, Bambo. Koma amaitumiza kudzera m'mitengo, ndipo mitengo yati 3 koloko."

Woyera anabwerera atafunda tsamba la nthochi. Wansembeyo analibe tsamba.

Ine ndinkatsutsana ndi Seu Anacleto. Ndinawasonyeza buku lonena kuti mvula imachokera kunyanja yamchere.

"Aphunzitsi, nyanjayo munaiona?"

"Ayi."

"Ine mitengo ndimaiona. Nyanja imatumiza madzi kamodzi, ndipo ili kutali. Mitengo imamwa, m'mawa n'kuwapuma, n'kupatsira inzake ya kutsogolo, ngati anthu opatsirana ndowa nyumba ikamapsa. Chotsani anthu apakatiwo, muone ngati ndowa ifika."

Ndinawauza kuti fanizolo silinali loipa. Pakamwa panga, mawu amenewo ndi ambiri.

Kenako msewu unafika, ndi oweta ng'ombe pambuyo pake. Makina odulira mitengo ankalira kuyambira m'mawa ngati udzudzu waukulu. Mabanja anagulitsa nkhalango zawo mmodzimmodzi. Nanenso ndinagulitsa mitengo ya mphira imene bambo anga ankakama kutsidya kwa kamtsinje, n'kugula malata. Seu Anacleto sanandidzudzule. Anangoima pabwalo, manja kumbuyo, akuyang'ana m'mwamba.

"Denga labwino, Aphunzitsi. Mvula izimveka bwino pamenepa, ikamabwera."

Patapita zaka zingapo kunadza chilimwe chosatha. Utsi wa nkhalango zimene oweta ng'ombe ankatentha unaphimba dzuwa, ana ankatsokomola m'kalasi mpaka ine kusiya kulankhula. Minda inali yokonzeka, anthu atagwira mbewu ya mpunga ndi chimanga, akudikira mawu a munthu mmodzi. Seu Anacleto anakwera, anatsika, anati Lachinayi. Tinabzala tonse. Lachinayi linadutsa, lina linadutsanso. Mbewu inapsera m'nthaka.

Mlamu wawo, Deusdete, anawapeza pagolosale.

"Mwakalamba, mlamu. Mukuona utsi wa oweta ng'ombe n'kumati ndi nkhungu."

"N'kutheka. Inu mukuona kachasu n'kumati ndi madzi, koma sitinakuchotseni pa udindo wa mlamu."

Anthu anaseka, iwonso anaseka. Koma mbewu yotsala inali yobzala kamodzi kokha, ndipo aliyense ankadziwa kuti ikapsanso, chaka chimenecho tidya chinangwa chokhachokha. Tinabwereranso kwa iwo, pakuti kwina kofunsa kunalibe.

Anakwera masiku atatu otsatizana. Tsiku lachitatu anakhalitsa mpaka dzuwa kufika pamutu. Anatsika pang'onopang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti ndi nkhalamba.

"Tibzale liti?" anafunsa Dona Zuleide.

"Sindikudziwa, mayi."

Palibe anaseka.

"Kulibe chofuka. Kumene maso alekezera ndi udzu ndi ng'ombe. Ng'ombe sizindiuza kanthu."

Chaka chimenecho aliyense anabzala mongoyerekeza, tsiku lakelake. Ena anakolola, ena ayi. Mpaka pano timatero. M'mawa anthu amatuluka, amayang'ana kumwamba, amayang'anana, n'kubwerera m'nyumba opanda chouzana.

Sabata yotsatira ndinawapeza padoko akulongedza m'bwato machila, chikwanje ndi thumba la ufa wa chinangwa wokazinga.

"Ulendo wa kuti, Seu Anacleto?"

"Kumene mvula ikugwa."

"Ndiye kuti kumeneko?"

"Ndikanadziwa, bwenzi nditakuuzani tsiku lobzala."

"Mudzabwerako?"

"Aphunzitsi, mafunso anu ngati mayeso. Kankhani bwatoli."

Ndinali ndi mawu amene ndinayenera kuwauza, okhudza mitengo ya bambo anga ija. Ndinangowauza kuti bwato lawo likuchucha kumanzere.

"Likuchucha kuyambira musanabadwe," anatero.

Ndinakankha. Madzi anali ochepa moti bwato linakhula mchenga kawiri lisanayandame. Anapalasa kulowera kumtunda osacheuka. Pamwamba pa mudzi wathu mtsinje umagawikana patatu, ndipo m'mawa umenewo panalibe msodzi aliyense woti atiuze njira imene anatenga.