Khonde la a Stamen

Khonsolo inamata chikalata cha zidindo zitatu pachitseko cha nyumba yathu yosanja, nambala 42. Chinkalengeza kuti nyumba zimene boma la chikomyunizimu linatisiyira muno mu Bulgaria zikutidwa ndi zotchinga chisanu, ndipo makonde onse akhala ofanana. Chofunika n'chakuti eni nyumba onse asayine. Tinasayina tonse, kupatula malemu a Stamen.

A Stamen ankadziwika ndi khonde lawo. Analitchinga okha ndi mawindo a basi imene anayendetsa zaka makumi atatu, ndipo windo lina linali likadalembedwa kuti "Potulukira pangozi". M'menemo ankawotchamo tsabola wofiira Seputembala yense, fungo n'kukwera mpaka nsanjika yachisanu ndi chitatu.

Mayi Nevena, wapampando wa komiti yathu, ankawagogodera Lolemba lililonse.

"A Stamen, mawondo anga atha ndi chisanu. Sayinani, chonde."

"Chisamaleni chisanucho, mayi. N'chokhacho chatsala cha tonse chimene sanagulitse."

Khonsolo inatumiza bwana wa tayi, chithunzi chili m'manja.

"Bambo, taonani. Nyumba yanu idzaoneka ngati za ku Vienna."

"Khonde langa lili pati pamenepa?"

"Lili pomwepo, koma lakonzedwa."

"Nanga mitengo yajambulidwayi ibwera liti?"

"Gawo lachiwiri."

"Gawo lachiwiri ndakhala ndikulidikira chiyambire 1978. Nthawi imeneyo linali la chikepe chokwerera nsanjika."

Komiti inagamula, mwa mavoti, kuti tisiye kupatsa moni a Stamen. Iwo sanasiye kuika botolo la tsabola pakhomo la aliyense. Tinkadya ndithu, koma mokwiya, monga mwa chigamulo.

Anamwalira m'Malichi. Mwana wawo anabwera kuchokera ku Spain kudzaika maliro, ndipo mayi Nevena anamupepesa ndi dzanja limodzi, linalo litagwira cholembera choti asayinire. Mawindo a basi aja amisiri anawagwetsa m'mawa umodzi wokha.

Seputembala wa chaka chimenecho masitepe ankangonunkha penti. Tsiku lina ndinapeza mayi Nevena ali panja, akuwerenga makonde ndi chala.

"Lawo lija linali liti, aphunzitsi?"

Ndinawerenga nawo kawiri. Sitinagwirizane.

Ntchito inatha mu Novembala, ndipo panadulidwa riboni. Anakuta khoma loyang'ana kumsewu waukulu lokha. Chipinda chogona cha mayi Nevena chili kuseri.