Njinga Yanga Itathawa ndi a Pugh

Inu, musandione ndikuyenda wapansi chonchi. Ine Septimus Gittins ndinakhalapo mwini kampani yopanga njinga zamoto kuno ku Shropshire, m'chaka cha 1905. Kampaniyo inali m'khola la nkhumba la amalume, ndipo inangopanga njinga imodzi yokha, ya matayala atatu: woyendetsa kumbuyo, wokwera kutsogolo pampando wolukidwa ngati dengu. Koma matama ake, mukanati ndapanga sitima.

Chondiwondetsa chinali Tabitha. Ndinkamufuna zedi mtsikana ameneyu, koma bambo ake, a Pugh ogulitsa nyama, chimunthu chodzaza khomo, sankafuna n'kumva komwe.

"Mnyamata iwe, chiphokoso chakochi chimayendadi?"

"Bambo, chimauluka!"

"Lamlungu undifikitse kutchalitchi. Ndikafika wamoyo, tikambirana za mwana wanga."

Tsono tamverani. Njinga za masiku amenewo sizinkalira zili chiimire. Unkaikankha ukuthamanga, injini ikangoti phu-phu, iwe n'kudumphira pachishalo. Ndinayeserera mlungu wathunthu, koma pamalo athyathyathya, mpando uli wopanda munthu. Kwa a Pugh kunali pamwamba pa chitunda.

Lamlungu litakwana, iwo atakhala pampando paja, Baibulo lili pamiyendo, ndinakankha. Abale inu, thupi limene lija kukumana ndi mtsetse! Injini inalira, ine ndinadumpha mwaukatswiri, n'kufikira matako pamsewu. Njinga inali itapita kalekale.

A Pugh osadziwa kanthu, akungovulira anthu chipewa, ine ndili pambuyo liwiro la mtondo wadooka.

"Septimus, tachepetsa!" anakuwa osacheuka. "Ukundimva iwe?"

"Ndikukumvani, bambo!"

"Nanga bwanji ukumvekera kutali?"

Apo ndiye anacheuka. Mawu amene anatuluka pakamwa pawo sanali a mkulu wa mpingo.

Ndinakawapeza kumunsi, atazikika mumpanda wa zitsamba wa kumanda a tchalitchi, miyendo ili m'mwamba, mpingo wonse utawazungulira. Misozi inalengeza m'maso mwanga. Ndinadziwa kuti za Tabitha zathera pompo.

Amuna anayi atawazula, a Pugh analavula tsamba, n'kundiyang'ana. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Tabitha, kwatiwa naye msanga. Chitsiru ichi chikapanda wochiyang'anira, chipanganso njinga ina."

Kampani inatsekedwa tsiku lomwelo. Tatha zaka makumi atatu m'banja, ndipo mpaka lero mayi akunyumba salola kuti ndikankhe ngakhale wilibala.