Zikomo Bwana Chifukwa cha Dzino Lovina

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Chipatala cha Mano,

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada, ndipo mawondo akulira. Ine ndine telala wamba wa pakhonde la sitolo. Kulemba ndinadziphunzitsa ndekha pa manyuzipepala odulira mapatani, choncho mukapeza mawu osapsa, mungomeza chomwecho. Kuzungulira sindidziwa, anzanga amati pakamwa panga anaiwala kusokapo zipi. Koma lero musaope, ndabwera kudzathokoza basi, ndipo ndikulemba uku ndikupukuta misozi ya chiseko.

Mwana wanga wotsiriza, amene timamutchula kuti Injiniya chifukwa anamasula wailesi ya bambo ake osaibwezeranso, ali ndi dzino lachibwano lobooka. Tsaya latupa ngati wabisamo ndimu. Ndinamunyengerera mpaka malovu kuuma. Ndinalumbira nditagwira makina anga osokera kuti kwa inu sikuopsa, popeza munalengeza nokha kuti mwatsegula Ngodya ya Ana Osangalala. Anavomera, tinapita. Nazi tsono zothokoza zanga.

Choyamba, zikomo chifukwa cha khoma. Pakati pa benchi yodikirira ndi chipinda chozulira mano mwaikapo thabwa lopyapyala losafika kudenga. Nzeru zakuya! Mwana asanalowe amakhala atamva kale zonse: kulira kwa kamakina kobowola kaja, zitsulo zikugwera m'mbale, ndi mnzake akuitana amayi ake, agogo ake ndi Mulungu motsatana. Pathabwapo mwajambulapo ng'ona itayasamula, kuti ana aone ubwino wa mano oyera.

Chachiwiri, ndipo apa ndaika cholembera pansi kuti ndiombe m'manja, zikomo chifukwa cha Dzino. Bwana, ine ndaona zinthu padziko pano, koma munthu wamkulu atavala chidzino chachikulu ngati filiji, mizu yake ndiyo miyendo, ndinali ndisanaonepo. Lili ndi maso, lili ndi pakamwa, ndipo m'kamwamo mulinso mano. Dzino la mano! Anamwino anandinong'oneza kuti lamulo linachokera kwa inu: mwana akangokuwa mkatimo, Dzino liziimba wezulo ndi kuvina, kuti odikirawo asamve. Bwana, ana si zitsiru. Litangovina kawiri, benchi yonse inali itadziwa kuti Dzino likathyola chiuno ndiye kuti mkatimo wina akuona zakuda. Kukuwa kukakula, nalo limawonjezera moto. Kamtsikana kena katalowa, linavina mpaka kugwada, ndipo Injiniya anandifunsa ngati kamtsikanako kanali kadakali moyo.

Chachitatu, zikomo poganiza kuti Dzino lomwelo ndilo lizidzatenga mwana wotsatira. Nthawi yathu itakwana, linabwera kwa Injiniya manja atatambasula, likumwetulira ndi mano ake onse. Mwana wanga, amene kunyumba ndikamutuma madzi amayenda ngati wanyamula mazira, anadutsa pansi pa benchi, pakati pa miyendo ya mlonda, ulendo wapanja. Dzino, pokhala wantchito wokhulupirika, linamuthamangira. Linakanirira pakhomo, mabaluni amene munakongoletsera pakhomopo akuphulika ngati mfuti, kenako linapulumuka n'kugubuduzika mpaka pamaluwa, mizu m'mwamba, wezulo akulirabe. Ana onse anabalalika, makolo pambuyo. Adokotala, munthu wofatsa amene zikuoneka kuti palibe anawafunsa maganizo, anasuzumira n'kupeza benchi ili mbee! Mzere umene unakanika zaka zonsezi inu mwauthetsa m'mawa umodzi. Akukwezeni paudindo, Bwana, akukwezeni mpaka tisamakuoneninso.

Ine ndinaseka mpaka mpango kugwa, ngakhale ndikanakhala ndi sizasi yanga bwenzi chovalacho chili zigamba pano. Ndinathandiza kudzutsa Dzino. Titavula mutu wake, m'chovalamo munatuluka bambo wachikulire ali thukuta kamukamu, akupepesa, ndipo atatsegula pakamwa ndinaona magweru okhaokha. Musamulange. Pa anthu onse a tsiku limenelo, ndi iye yekha amene anachita ndendende zomwe munanena.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha maswiti a pakamtengo amene mlonda amagawira mwana aliyense pageti, ngakhale othawa. Kasitomala amasungidwa chonchi. Inenso ndayamba kuganiza zosokera mabatani ndi ulusi wowola kuti anthu azibweranso.

Tsopano chiseko chandithera pang'ono, chifukwa dzino lenileni, losavina lija, likadali m'kamwa mwa mwana wanga. Akutafunira mbali imodzi, thupi latentha, kusukulu sakupita. Anyamata akaimba wezulo pa mpira, iye amalowa pansi pa tebulo langa lodulira nsalu. M'sitolo muno sayandikiranso filiji. Malume ake, omwe ndi makaniko, ayamba kale kupukuta pulayazi, ndipo ndakangana nawo mpaka oyandikana nafe kutuluka. Chondiwawa n'chakuti Injiniya ali mbali yawo. Akuti bola amalume, chifukwa iwo savina.

Sindikupempha kuti mufikitse khoma kudenga. Ndine ndani ine kuti ndiphunzitse ophunzira? Sindikupemphanso kuti Dzino lichotsedwe ntchito, bambo uja ali ndi ana. Kapempho kanga n'kakang'ono ngati singano. Lolemba likubwerali mubwere inuyo. Mukhale nafe pa benchi, pansi pa ng'ona, mumve zimene timamva. Dzino likugwireni dzanja likulowetseni, mukhale pa mpando uja mutayasamula, adokotala aone ngati m'kamwa mwanu zonse zili bwino. Ndakambirana ndi Injiniya ndipo wandigwira chanza: Bwana wamkulu akalowa, Dzino n'kukhala osavina, nayenso alowa, pulayazi ibwerere kugalaja.

Likavina, Bwana, musachite manyazi. Ife tidzanamizira kuti sitikumva, monga mwa lamulo lanu, ndipo switi wanu ndidzakusungirani.

Ine wanu wogwadabe mpaka dzinolo litachoka,

Mayi ake a Injiniya,
Telala wa pakhonde