Mwala wakuda umene ndinabisa m'chigafa

Malemu amuna anga anandichenjeza kalekale, tsiku lina tikusoka fodya. Anati, "Inu, kukayikira kwanuku kudzakuchititsani manyazi ine kulibe, ndipo sipadzapezeka wokuikirani kumbuyo." Ndinawayankha kuti kukayikira komweko ndi kumene kwasunga mbuzi zathu zaka zonsezi. Anangoseka. Chaka chatha mawu awo anakwana, ndipo anakwanira m'khitchini.

Ndimakhala ndekha kuno kumapiri, kumtunda kwa Nachisaka. Anthu sindiwakhulupirira, ndisakunamizeni. Wogulitsa mchere ndimamuyang'ana m'manja. Nambala yachilendo ikaimba pafoni sindiyankha. Munthu akandipatsa moni wautali ndimayamba kukumbukira ngati ndatseka khola.

Nkhaniyi inayamba ndi mawondo. Nyamakazi inafika poti ndikanyonyomala pamafuwa, kudzuka kwake kumafuna ndikwawe kaye mpaka pachitseko. Mwana wanga Enelesi, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anandipeza ndikukwawa choncho ndipo sanaseke.

"Amayi, pali ziwiri," anatero. "Tikumangireni khitchini yophikira choimirira, kapena mulongedze tizipita kutauni."

Kutauniko ndinakhalako sabata imodzi. Mpanda, geti, galu, ndiye munthu uzingokhala pampando kudikira kuti akuitane kukadya. Ndinasankha khitchini.

Enelesi ankafuna kutumiza mmisiri wa kutauni, ine ndinakana. Ndinatenga a Maliseni a kutsidya kwa dambo, amene ndinawaona akubadwa (osati kuti ndimawakhulupirira, koma ndimadziwa kumene amagona). Anamanga chipinda, n'kuumba thebulo la simenti lofika m'chiuno, kuchokera pakhoma mpaka pazenera. Panatsala zoyala pamwamba pake. Enelesi anati zimenezo atumiza yekha.

Lachitatu lina masana kunafika lole. Anatsitsa makatoni a matailosi, mapaipi, ndi sinki ili m'katoni yakeyake. Kenaka amuna atatu, akubuula, anatsitsa mwala. Wautali, wakuda bii, wonyezimira moti ndinadziona nkhope, uli ndi timadontho toyera ngati mazira a nkhanga. Chakumapeto kwake anauboola bowo lalikulu.

Mwala wotero ndinali nditauonapo malo amodzi okha: kumanda a kumishoni, pamene anagona abusa ndi aphunzitsi akuluakulu.

"Ichi n'chiyani?" ndinafunsa dalaivala.

"Ife tangouzidwa kuti tisiye kwa agogo, ndipo usasweke. Tiike pati?"

Ndinawauza kuti akaugoneke m'chigafa, mmene malemu ankayanikamo fodya, aufunditse mapesi. Atapita ndinatenga ndodo yanga n'kukauyeza. Unali wa msinkhu wanga, n'kutsalako pang'ono chakumutu. Bowo lija ndinaona kuti n'loikamo maluwa.

Ndinakhala pansi pomwepo, mawondo omwewo. Mwezi wapitawo Enelesi anali atanditengera kuchipatala, anandipopa magazi, ndipo dokotala anayankhula naye Chingerezi nthawi yaitali, uku akundiyang'ana. Tsopano zonse zinagwirizana. Amuuza kuti ndatsala pang'ono, iye wagula chiliza zinthu zisanakwere mtengo, ndipo wachitumiza pamodzi ndi katundu wa khitchini kuti asalipire lole kawiri. (Mwanayo ndi wosamala, anatengera ine.)

Mukuti bwanji sindinamufunse? Akanakana. Munthu amene wakugulira chiliza sangavomere pafoni.

Lolemba a Maliseni anabwera ndi chikwama chawo cha zipangizo. Za mwala sankadziwa, ndipo ine sindinawauze.

"Pathebulopa tiyalapo chiyani, agogo?"

"Matailosi. Si awo?"

Anawerenga zimene Enelesi analemba pamakatoni. "Obiriwirawa alemba kuti ndi apansi kubafa. Oyerawa ndi apakhoma. Apathebulo palibe. Bwanji tiwaimbire achemwali?"

"Nyumba ino ndi ya achemwali anu?"

"Ayi, koma obiriwirawa ndi okhakhala, agogo. Anawapanga kuti munthu asaterereke."

"Ndiye kuti mbale zanga sizidzaterereka. Yalani."

Mumtima ndinkati bamboyu akufuna abwino atsale kuti akayale kwake. Ndinakoka mpando n'kukhala pakhomo, ndikuwapatsira tailosi imodziimodzi. Obiriwira ena anapita kubafa, otsala anafika pakati pa thebulo n'kutha. Tinapitiriza ndi oyera, nawonso anatha tisanafike pazenera. A Maliseni anati akagule ena ofanana nawo. Ndinati ayi, ndipita ndekha.

Ndinakwera njinga yamoto mpaka ku Dzaleka, nditagwira malaya a woyendetsa ngati ndagwira wakuba. Kumeneko wogulitsa woyamba anandisekerera kwambiri, ndiye ndinangogula theka. Theka linalo ndinagula kwa mayi wina amene sanandisekerere n'komwe. Matailosi a bambo wosekerera uja anali achikasu, a mayi uja ofiirira amaluwamaluwa. Ndinazindikira nditafika kunyumba kuti achikasu ndi ochindikala kuposa anzawo.

A Maliseni anayala onse. Atamaliza anapukuta manja, anayang'ana thebulo kuchokera uku mpaka uko, n'kunena motsitsa mawu, "Agogo, anthu akakufunsani, musanene kuti ndine."

Linkaoneka ngati chitenje chosoka ndi zigamba zinayi. Pobiriwira ufa unkakanirira moti ndinkachita kukolokosola ndi kamtengo. Pamalire a oyera ndi achikasu mbale inkagwedera. Dzira ndikaliika pa achikasu linkayenda lokha mpaka kukaima pa amaluwa. Koma ndinkaphika choimirira, ndipo ndinadziuza kuti kwa munthu wotsala ndi miyezi yochepa, n'zokwanira.

Masabata atatu amenewo ndinakonza zambiri. Ndinachapa nsalu yoyera. Ndinalemba pakapepala amene adzatenge mbuzi iti. M'mawa uliwonse ndinkapita m'chigafa, kuvundukula mapesi, kuona ngati wina wabwera kudzalembapo dzina.

Loweruka lina Enelesi anafika. Analowa m'khitchini akumwetulira, n'kuima. Anayang'ana thebulo nthawi yaitali.

"Amayi, mwala uli kuti?"

"Mwala wanji?"

Anatulutsa foni, anaimbira dalaivala uja, n'kukweza mawu kuti ndizimva. Sanamupatse ndi moni womwe. Anamutchula wakuba, anati amupeza ndi apolisi, anati ana ake adzadya manyazi. Ine ndinali chiimire pomwepo, ndikupukuta mbale youma kale. Apa ndiye pamene pamandiwawa mpaka lero. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuopa kunamizidwa, koma munthu wosalakwa akutukwanidwa chifukwa cha ine, pakamwa panga panali potseka.

Dalaivalayo anadikira kuti Enelesi apume. Kenaka anati, "Madamu, kayang'aneni m'chigafa, pansi pa mapesi. Anatiuza ndi agogo omwewo. Muwapatse moni."

Tinapita tonse awiri. Enelesi anachotsa mapesi, mwala uja n'kuwala ngati wasamba.

"Chifukwa chiyani, amayi?"

"Sindinafune kuchiona tsiku ndi tsiku. Ukanadikira ndipite kaye."

"Mupite kuti?"

"Dokotala uja anakuuza chiyani?"

Anandiyang'ana, anayang'ana mwala, kenaka anagwira pakamwa. "Mayo ine! Mumayesa chiliza? Amayi, uwu ndi woyala pathebulo! Kutauni aliyense akuika umenewu. Dokotala anati muchepetse mchere, basi!"

"Nanga bowoli?"

"Ndi la sinki!"

Anayamba kuseka mpaka kutsamira nsanamira. Ndinkadikira kuti amalize kuti nanenso ndisekeko pang'ono, koma kusekako kunasanduka kulira.

"Masabata atatu," anatero. "Masabata atatu mukuganiza kuti mukufa, osauza munthu ndi mmodzi yemwe. Osauza ine, osauza a Maliseni, osauza amayi a kutchalitchi. Mukanadwaladi bwenzi titamva ndi fungo. Longedzani, amayi. Za khitchini zatha."

Sindinayambe ndapemphapo mwana wanga kanthu, koma tsiku limenelo ndinapempha. Ndinamuuza kuti kutauni ndikafa msanga, mwala wake n'kugwiradi ntchito imene ndinkaiganizira. Ndinamuuza kuti mawondo achira, thebulo likugwira ntchito ngakhale lili ndi mitundu inayi. Anati vuto si mawondo. Vuto ndi loti pakhomo pano sipafika munthu, chifukwa aliyense ndinamuthamangitsa ndi maso.

Tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Choyamba anandiimbitsa foni kwa dalaivala kuti ndipepese ndi pakamwa panga (anandikhululukira msanga kwambiri, moti ndikumuganizirabe). Kenaka tinagwirizana kuti ndikhala, koma akamaimba Lamlungu lililonse ndizimutchulira anthu amene alowa m'nyumba muno sabata imeneyo. Kulowa, osati kuima pabwalo. Ikadutsa milungu iwiri popanda dzina, lole ija ibwera kudzatenga ine.

A Maliseni anagumula obiriwira ndi oyera, n'kuyalapo mwala, sinki n'kulowa m'bowo lake bwinobwino. Achikasu ndi amaluwa ndinakana kuti achotse, ndinawavutikira. Ndiye thebulo langa mbali ina ndi la kutauni, mbali ina ndi la ku Dzaleka. Kunena zoona mwalawo ndi wabwino. Sugwira mafuta, ndipo mandasi amakandika bwino pamenepo. Kungoti ndikamadula anyezi sindikonda kudziona nkhope m'menemo, ndiye ndimayalapo kansalu.

Tsono vuto langa ndi ili. Sabata inayo ndinatchula a Maliseni. Sabata yatha ndinatchulanso a Maliseni, ndipo Enelesi wanena kuti amenewo sawerengedwanso. Amayi a kutchalitchi anabwera kamodzi, koma ndinawafunsa kuti wawatuma ndani, sanabwerenso.

Choncho inu amene mukuwerenga, mukamadutsa msewu wopita ku Ntchisi, patukani mudzandione. Nyumba yake ndi ya chitseko chobiriwira, kuseri kuli chigafa chopendekeka. Mugogode, mutchule dzina lanu ndi la bambo anu, ndipo musadabwe ndikayamba ndasuzumira pazenera. Ndidzatsegula ndithu. Tiyi mudzamwera mbali ya mwala, poti mbali inayo kapu imagwedera. Mudzayesetse kufika lisanakwane Lamlungu.